A Mesitiri Barnaba, Amene Anaimika Firiji Chadodolido

Uthenga unabwera Lachiwiri m'mawa pa foni ya mdzukulu wanga, ine ndikuyanika makaka a chinangwa pathandala. Ankaimba ndi mwana wa malemu a Saide, mmisiri amene tinkadziwana naye kale, kuchokera ku Lichinga, kunena kuti a Mesitiri Barnaba atisiya, ndipo aikidwa kale dzulo lake. Ndinakhala pansi pomwepo, nkhuku n'kumadya makakawo ine ndikuziyang'ana. Anthu ambiri amalira maliro pokumbukira zimene malemu anawachitira. Ine ndinalira pokumbukira zimene ndinawachitira malemuwo, komanso chifukwa kwa zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikunena kuti chaka chamawa ndikwera galimoto ndikawapepese pamaso.

A Barnaba sanali a m'mudzi mwathu. Anabadwira ku Msumba n'kukulira pamishoni, koma ntchito ankagwira ku Metangula, pakampani ya nsomba imene inali ndi nyumba yozizira yosungiramo chambo ndi kampango. Iwo ndiwo ankasamala makina oziziritsawo, n'chifukwa chake aliyense ankawatcha a Mesitiri, monga timatchulira mmisiri wodziwa ntchito yake kuno kwathu. Mudzi wathu uli kumwera, kupitirira Nkholongue, panjira ya ku Meluluca. M'zaka za nkhondo tinali ndi kachipatala ka zipinda ziwiri kamene tinamanga tokha, namwino mmodzi dzina lake a Luwiza, ndi komiti ya zaumoyo. Mlembi wa komitiyo ndinali ine, poti ndinali nditaphunzirako, ndipo Chipwitikizi changa cholemba anthu ankachiyamikira. Ndinkanyada nacho kwambiri, ndisabise.

Chuma chonse cha kachipatalako chinali firiji yoyendera palafini, imene ife timati jeleira. Munkakhala katemera wa ana. Katemera akatenthedwa amafa, ndipo choipa chake n'chakuti akafa saoneka. Umabaya mwana madzi chabe, iwe n'kumati wamuteteza.

Anayamba kubwera kwathu mwangozi. Anadzapepesa maliro a wachibale wa akazi awo, ndipo podutsa pachipatala anaona khoma lakuda ndi mwaye pamwamba pa zenera. Analowa osaodira, n'kugwada kuseri kwa firiji ndi buluku lawo lapamaliro, n'kufunsa a Luwiza kuti ndani akuzunza chinthu chosalakwa chonchi. Loweruka lotsatira anabweranso ndi chikwama cha zipangizo, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka likakwana ankabwera basi, popanda wowatuma kapena wowalipira.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Akafika sankapereka moni kwa munthu asanaone lawi. Ankagona chafufumimba pasimenti n'kusuzumira pansi pa firiji, ndipo lawi likakhala lobiriwira ngati thambo ndiye ankadzuka n'kutifunsa mmene tadzukira. Likakhala lachikasu, moni tinkaulandira masana. Ankati lawi lachikasu ndi kazitape, limaoneka lokongola koma likukupherani ana. Chingwe cha nyale ankachidula ndi lezala mosamala ngati akumeta mkwati. Paipi ya utsi ankaipukuta ndi nthenga za nkhuku zomangirira kuwaya. Pofuna kuona ngati firiji yakhala mowongoka, ankagoneka botolo la madzi pamwamba pake n'kuyang'ana pamene kampweya kaima.

Koma chimene ana ankachithamangira ndi chipewa. Palafini wa nthawi ya nkhondo ankabwera ndi madzi ndiponso zinyalala, ndiye a Barnaba ankavula chipewa chawo chakale chaubweya, n'kuchikhazika pakamwa pa chigubu, n'kusefera palafiniyo mmenemo. Akatha ankachikung'untha kawiri n'kuchivalanso. Akazi awo, amayi Edesi, anadandaulapo kwa ine kuti m'nyumba mwawo ngakhale mtsamiro ukhoza kuyaka, ndipo kuti kutchalitchi anthu ankawasiyira benchi yonse.

Mphatso ankakana. Tinawapatsapo tambala, iwo n'kufunsa ngati tambalayo angalowe m'chikwama cha masipanala. Chimene ankalandira ndi chinangwa chophika ndi tiyi wa udzu wa mandimu, ndipo ankadya chiimire. Ankakonda kunena kuti luso ukalisunga m'thumba limachita dzimbiri msanga kuposa chitsulo.

Sanakhale okha nthawi yaitali. Anakopa anzawo a pakampani mmodzimmodzi, osati ndi ulaliki koma ndi manyazi. A Saide, Myao wowotcherera zitsulo, anawauza kuti kuli ngalawa ya gulu la asodzi imene chiwongolero chake chamangidwa ndi luzi, ndipo anthu akufunsa ngati ku Metangula kulibe amuna. A Saide anabwera mokwiya, n'kukonza chiwongolerocho, kenaka mabedi a pachipatala, kenaka makasu a gulu la amayi. Dona Filomena, amene ankatayipa makalata a kampani, ankabwera ndi nsapato zake m'manja kudzatiphunzitsa ife a komiti kulemba makadi a ana, kuti tidziwe amene wabayidwa ndi amene sanabayidwe. Tinkawatcha anthu a Loweruka.

Mkulu wa kampani, mwamuna wochokera kutali kumwera amene sankamva Chinyanja, zimenezi sankazikonda. Dona Filomena ndiwo anatifotokozera mkangano wawo, akutsanzira onse awiri. Mkuluyo anati zipangizo ndi za kampani, ndipo luso la wantchito nalonso ndi la kampani. A Barnaba anatsegula chikwama n'kutulutsa masipanala onse okhala ndi chidindo cha kampani, n'kuwandandalika patebulo pake.

"Awa ndi anu, Sinyoro Diretori, tengani," anatero. "Koma manjawa ndinabwera nawo kuchokera ku Msumba. Munagula masiku asanu. Sabudu, tsiku Loweruka, ndi langa."

Loweruka limenelo anabwera ndi masipanala atatu amene a Saide anawasulira kuchokera ku zitsulo za galimoto yakufa.

Anakangananso ndi mphunzitsi wa mpingo wathu, amene anatapako palafini wa firiji kuti aike m'nyale za tchalitchi pa Pasaka. A Barnaba, Mkhristu wosajomba, anamuuza pamaso pa anthu kuti Mulungu amaona bwino mumdima, koma katemera samva mapemphero. Sanalankhulane miyezi itatu. Msewu utayamba kuopsa, anthu a m'tchire akutchera magalimoto, tinkaganiza kuti asiya kubwera. Anangosiya njinga n'kuyamba kubwera pabwato, akupalasa okha ndi a Saide, chikwama atachimanga m'khosi kuti bwato likagubuduka chisamire chokha.

Chilema chawo chinali chimodzi, ndipo ndikuchinena osati pofuna kudzichotsera mlandu. A Barnaba sankafotokoza. Ankalankhula ndi makina kuposa ndi anthu. Ukawafunsa chimene akuchita ankangoti udzaona, kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu mmodzi yekha amene ankamuuza zinthu anali a Luwiza.

Chaka chimene nkhondo inafika m'mapiri akum'mawa kwathu, anthu anatsikira kunyanja ndi mitolo pamutu, n'kumanga misasa kuseri kwa chipatala. Chikuku chinabwera nawo. M'milungu iwiri tinaika ana anayi, ndipo ine ndinali ndi wanga wa miyezi khumi kumsana. Kenaka tinamva kuti katemera abwera Lachinayi pa boti la asilikali apamadzi. Mlungu womwewo firiji inaleka kuzizira. Lawi linali labwinobwino, koma m'kati munali mofunda ngati m'kabati.

A Barnaba ndi a Saide anafika Loweruka m'mawa. Ine kunalibe, ndinali kumaliro kumisasa. Ndinamva pambuyo pake kuti anayesa zonse mpaka masana, ndipo zitakanika anazimitsa lawi, n'kukhuthula palafini, n'kuitembenuza firijiyo miyendo m'mwamba. Anauza a Luwiza kuti mankhwala oziziritsa a m'mapaipi mwake agwirana malo amodzi, ndipo ikakhala chadodolido masiku awiri amasungunuka n'kuyambanso kuyenda. Anati Lolemba apempha chilolezo kuntchito adzaiimike bwino. Anachoka mofulumira chifukwa mwera unali utayamba. Madzulo ake a Luwiza anaitanidwa kwa mayi wina amene ankavutika pobereka kumudzi wakutali, ndipo anapita osauza munthu za firiji.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, ine ndi a Matiyasi, wapampando wa komiti, tinapita kukasesa pachipatala pokonzekera katemera. Titatsegula chitseko tinaima ngati tamenyedwa. Firiji miyendo m'mwamba, lawi lozima, thanki youma. Mlonda wa pachipatalapo anati anachita zimenezi ndi a Mesitiri, iye akuona ndi maso ake.

Muyenera kudziwa mmene tinkakhalira masiku amenewo. Mwezi uliwonse kunkachitika msonkhano wotiuza kuti tikhale maso, mdani savala nyanga, ali pakati pathu ndipo amaseka nafe. Tinali titamva za zipatala zotenthedwa kumapiri. Mantha anali atatidya mpaka tinaleka kuganiza.

"Amayi a Joni, mukuona zimene ndikuonazi?" anatero a Matiyasi. "Vasina, katemera uja, akubwera Lachinayi, munthu n'kudzapha jeleira Loweruka. Tikakhala chete adzati tinagwirizana naye. Lembani papelo, timuneneze ku boma."

"Koma ndi a Mesitiri, bambo," ndinatero. "Tidikire a Luwiza."

"Akafa wanuyo kumsanako mudzadikiranso a Luwiza?"

Ndinalemba. Palibe anandigwira dzanja. Ndinakhala pabenchi ya odwala, mwana akuyamwa, n'kulemba tsamba lathunthu m'Chipwitikizi changa chabwino chija, ndipo ndinaikamo liwu limene aliyense ankaliopa, loti sabotaje, kutanthauza kuwononga dala zinthu za boma pothandiza adani. Ndikukumbuka kuti nditamaliza ndinaiwerenganso, n'kukhutira kuti mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Safunsa anadya phula. Metangula sipatali, ndikanatha kukwera bwato lomwe linanyamula kalatayo n'kukawafunsa a Barnaba pakhomo pawo.

Lolemba m'mawa anthu a boma anawatenga a Barnaba ali pantchito, manja ali ndi girizi. Masana ake a Luwiza anabwerera, ndipo atamva anakhala pansi pakhonde n'kugwira mutu.

"Mwachita chiyani, anthu inu? Jeleira ija akuichiritsa! Anandiuza ine!"

A Matiyasi anangoti akukaona mbuzi zawo.

Lachiwiri kunabwera bwato, muli a Saide ndi Dona Filomena. A Saide ankadziwa kuti dzina lawo likhoza kutsatira, poti firijiyo anaitembenuza ndi iwo, koma anabwerabe. Sanandiyang'ane. Anaiimika firiji ndi amuna awiri a kumisasa, n'kugoneka botolo la madzi pamwamba monga ankachitira mnzawo, n'kudikira maola angapo, kenaka n'kuyatsa. Palafini anasefera m'mpango wa Dona Filomena. Lachitatu masana a Luwiza anandiitana, n'kugwira dzanja langa n'kuliika m'kati. Chitsulo chinali chitachita chipale choyera, chala n'kumamatirira. Sindinamvepo kuzizira kowawa ngati kumeneko.

Katemera anabwera Lachinayi, ndipo ana anabayidwa masiku atatu otsatizana, a m'mudzi ndi a kumisasa omwe. Wanga anali pamzere womwewo. Lero ndi bambo wa ana asanu, ndipo foni imene inabweretsa uthenga wa maliro ndi ya mwana wake.

Ndinalemba kalata yachiwiri, yotsutsa yoyamba ija, tsiku lomwe firiji inazizira, a Luwiza n'kusainira, Dona Filomena n'kukaipereka ndi manja awo. Koma kalata yoneneza imathamanga, yotsutsa imakwawa. A Barnaba anakhala m'chitokosi milungu isanu ndi umodzi. Potuluka anapeza mkulu wa kampani atawachotsa kale ntchito, ponena kuti sangasunge munthu wokayikiridwa, ndipo nyumba ya kampani anali atauza amayi Edesi kuti atulukemo. Ku Metangula kunalibenso wina wofuna mmisiri wa mafiriji. Anaganiza zopita ku Lichinga ndi mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Dona Filomena analeka kubwera, a Saide anapitiriza okha kwa kanthawi, ndipo anthu a Loweruka anathera pomwepo.

Asananyamuke anabwera komaliza. Ndinali pakhonde la chipatala ndikulemba makadi. Anali ataonda, lamba atabowola mabowo ena, ndipo ankatsimphina pang'ono. Analowa n'kugona pasimenti monga mwa masiku onse. Anakhala nthawi yaitali ndi a Luwiza, ndipo ulendo uno ndinawamva akufotokoza chilichonse pang'onopang'ono, kubwereza kawiri, mpaka za kutembenuza firiji, ndi kuti akadzatero adzayambe auza komiti. Potuluka anaima patsogolo panga. Ndinaimirira, makadi n'kugwa.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa.

"Ali bwino, a Mesitiri. Anabayidwa."

"Basi, ndi zimenezo." Anatola khadi limodzi n'kuliyang'ana, n'kundipatsa. "Mumalemba bwino, mwanangu. Kalata yanu ija anandiwerengera yonse, kawiri."

Sananene mokalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Sindinapepese, ndinangoyang'ana pansi mpaka ndinamva nkhafi ikugunda bwato. Ndinadziuza kuti ndidzawalembera, kenaka n'kuona kuti kalata yochokera m'dzanja langa ndi chinthu chomaliza chimene angafune kulandira. Ndinati ndidzapita ndekha nkhondo ikatha. Nkhondo inatha, msewu unatseguka, ine n'kumati ndikakolola, ndikakwatitsa mwana, mwendo ukapola. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope yawo.

Ndimawasowa a Barnaba. Ndimasowa fungo la palafini Loweruka m'mawa, ndi kukalipa kwawo tikaika chidebe pamwamba pa firiji. Ndimasowa nthawi imene anthu a ntchito zawo zolemekezeka ankapalasa bwato kudzagwada pasimenti yathu popanda wowakakamiza. A Matiyasi anamwalira akunenabe kuti inali nkhondo, aliyense akanachita chimodzimodzi. Mwina n'zoona, koma cholembera chinali m'dzanja langa.

Galimoto ija ndinakwera Loweruka lapitali, patatha masiku anayi chilandirireni uthenga. Amayi Edesi anatsogola kalekale, ndipo ana awo ali kutali, choncho mwana wa a Saide ananditengera kumanda, kenaka kumsika kumene a Barnaba anagwirira ntchito zaka zonsezi. Ndi kashedi ka malata kuseri kwa ogulitsa makala, kotseguka kutsogolo. Zipangizo achibale anali atagawana kale. Pakhoma panatsala misomali yokha, ndipo pa msomali uliwonse panali chithunzi cha sipanala chojambulidwa ndi choko, kusonyeza pamene inkakhala. Pansi panali dothi lakuda ndi mafuta, kupatula malo anayi oyera pamene panali miyendo ya tebulo. Telala wa shedi yoyandikana anandibwereka mpando, n'kundiuza kuti mkuluyo Loweruka sankatsegula, ankapita kukakonza zinthu m'tizipatala ta kunja kwa tauni, ndipo za kunyanja sankazikamba n'komwe.

Ndili chikhalire choncho, panafika mtsikana wovala yunifolomu ya unamwino, akukankha njinga, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anasuzumira m'shedimo, n'kuyang'ana ine.

"Amayi, a Mesitiri atuluka? Tawadikira masabata awiri. Jeleira yathu yayamba kufunda, ndipo vasina tilandira mkucha."

Telala anali atapita kukagula ulusi, mwana wa a Saide ali pa foni kutali. Panalibe wina woti amuuze koma ine. Ndinamuuza. Atagwira njinga yake anafunsa ngati ndikudziwa mmisiri wina, ine n'kuti sindine wa kuno. Anatembenuza njinga n'kubwerera njira imene anadzera, ndipo ine ndinatsala ndikuyang'ana misomali ija, mphepo ya ku Lichinga ikulowetsa fumbi la makala m'shedi mopanda woti alisese.